Mpanda wanga wa sayipuresi ukuuma, ndithandizeni tisanagule mankhwala

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeniko nzeru. Kunyumba kwathu kuno ku Senga Bay tili ndi mpanda wa mitengo ija ya sayipuresi, ena amati mkungudza. Mbande tinagula m'mbali mwa msewu ku Lilongwe zaka zitatu zapitazo, ndipo unakula bwino moti anthu odutsa ankaima n'kumafunsa kuti tinaupeza kuti. Koma kuyambira mwezi wathawu wayamba kufiira. Pena pafiira pamwamba pokha, pena mkati, ndiye pakona ya kumunsi mitengo isanu yaumiratu kuti gwaa. Bambo a kunyumba akuti mawa alawirira ku Kamuzu Road kukagula mankhwala tipopere. Ine ndati dikirani ndifunse kaye anthu. Zithunzi ndi izi ndaikazi.

Achimwene Yona: Chiswe chimenecho mayi. Ku Salima kuno palibenso china. Thirani mankhwala a chiswe basi nkhani yatha.

Nabanda: Kapena wina anadzathira mchere usiku kkkk. Mpanda ukakongoletsa si onse amakondwa.

Mayi a Tadala: Iii a Nabanda musandiyambanitse ndi aneba anga, tikukhala bwinobwino kkk.

Madala Phiri: Mayi a Tadala, mwachita bwino kuwaimitsa bambowo. Ine ndinagwira ntchito ya zankhalango mpaka kupuma, ndipo mtengo umenewu ndakula nawo ku Dedza. Pachithunzi chachiwiricho ndikuona nthambi zam'kati zada, zili ndi mwaye. Zimenezo zikundikumbutsa nsabwe za sayipuresi, zimene m'mabuku amalemba kuti Cinara cupressi. Achinyamata simungadziwe, koma kachilombo kameneka mu Africa muno kanaonekera koyamba kuno ku Malawi, mu 1986. Kenako kanafalikira ku Tanzania, ku Kenya ndi maiko ena, ndipo nkhalango zambiri za sayipuresi zinafiira ngati mwadutsa moto. Ngakhale mkungudza weniweni wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu uja, sunasiyidwe.

Nsabwezi sizikhala pamasamba monga zimachitira za pa mpiru kapena pa repu ayi. Zimakakamira pa khungwa la tinthambi, mkati mwa mpanda momwe muli mthunzi, ndipo mtundu wake umafanana ndi khungwalo, ndiye wongodutsa sangazione. Zikamayamwa madzi a mtengo zimasiyamo malovu amene amapha kanthambiko. Zimatulutsanso timadzi tomata totsekemera, n'chifukwa chake nyerere zimapanga msewu kukwera ndi kutsika, ndipo pa timadzi timeneto ndi pamene pamamera nkhungu yakuda ija. Chovuta n'chakuti kufiira kumaoneka mochedwa. Nsabwe zimachuluka m'miyezi youma yozizira ija, inu n'kudzaona mpanda ukufiira mu Okutobala eni ake atachepa kale kapena atapitiratu. Kupopera pamenepo n'kutaya ndalama.

Chitani izi m'mawa. Tengani pepala loyera, mulowetse mkati mwa mpanda, mugwedeze nthambi mwamphamvu pamwamba pake. Muone chimene chigwe, ndiponso ngati chikuyenda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Che Saidi: Madala, ulemu wanu, koma ine ndikuona zina. Ndimasamalira maluwa pa loji ina kunyanja kuno, ndipo mpanda ngati umenewu tinaulimbana nawo mpaka abwana anatopa. Nsabwe sizipha mitengo isanu yoyandikana pakona imodzi, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ina yonse n'kutsala. Mtengo ukauma wonse kamodzi vuto lili pansi, ku mizu. Mayi, pakona imeneyo pali chiyani? Ngalande? Dzenje la zinyalala limene mumatentha? Madzi a kubafa amapita kuti?

Chachiwiri, pamwamba pofiirapo. Munadula liti mpandawu?

Mayi a Tadala: Che Saidi, tinadulitsa kumayambiriro kwa Okutobala. Anabwera mnyamata waganyu ndi chikwanje, anautsitsa ndithu chifukwa unayamba kuphimba windo. Pakonapo ndi pamene pamathera ngalande ya bafa yatsopano imene tinamanga chaka chatha.

Che Saidi: Ndiye mwayankha nokha mafunso awiri. Mpanda umenewu masamba akunja ndi amene anazolowera dzuwa. Mukawadula mu Okutobala, am'kati amene anakulira mumthunzi amakumana ndi dzuwa la kuno la madigiri opitirira 30 tsiku ndi tsiku, ndiye amapsa. Onani bwino, mupeza kuti kwafiira kwambiri ndi pamwamba ndi mbali ya kumadzulo imene dzuwa la masana limamenya. Chikwanjenso sichidula, chimang'amba. Nthambi yong'ambika imauma kubwerera m'mbuyo.

Nabanda: Ine ndimaona ngati madzi a kubafa ndi abwino ku mitengo. Nthochi zanga zimanenepa ndi omwewo.

Che Saidi: Nthochi inde achemwali, imakonda chinyezi. Sayipuresi safuna kuti mizu yake izikhala m'madzi, kuwonjezera apo sopo wa ufa wochapira uja ali ndi mchere wake umene umaunjikana m'dothi.

Madala Phiri: Che Saidi akunena zoona pa nkhani ya pakona, sindikutsutsa. Ndipo ndiwonjezere chinthu chimene ogulitsa mbande sakuuzani. Mtengo uwu kwawo ndi kumapiri a ku Mexico ndi Guatemala. Kuno kwathu umakondwa ku Dedza, ku Zomba pamwamba paphiri, ku Mulanje, ku Viphya, malo okwera ozizira amvula yambiri. Boma la Dedza lili pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene inu ku Senga Bay simukufika ndi 500 yomwe. Mtengowu kunyanja uli ngati munthu wa ku Dedza amene watsika basi pa Chipoka mu Novembala atavala juzi ndi jekete. Akhoza kukhala, koma kanthu kakang'ono kamugwetsa. N'chifukwa chake zaka ziwiri zoyamba mumaona ngati zonse zili bwino, chachitatu mtengo wakula, ukufuna madzi ambiri, mizu sikukwanitsa, mavuto onse n'kubwera pamodzi.

Achimwene Yona: Zonsezi ndi sukulu chabe. Kumbani muone ngati simupeza chiswe.

Che Saidi: Pa kukumbako ndiye tagwirizana achimwene. Mayi, mawa muzule umodzi mwa youmayo, mukumbe ndi khasu mozungulira kuti utuluke ndi mizu yake. Mununkhize dothilo. Ndiye pa mitengo yotsalayo kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo kapena kampeni. Mukapeza mkati mobiriwira monyowa, nthambi ili moyo. Mukapeza mofiira mouma, tsikani m'munsi mukandenso, mpaka mupeze pamene moyo ukuyambira. Mukafika patsinde penipeni pali pofiira, umenewo wapita.

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji. Ndachita zonse zija, bambo a Tadala akumba okha akung'ung'udza kkk. Papepala pagwa timasamba touma, tizikhungu toyera tating'ono ndi nyerere ziwiri zitatu. Chamoyo china sindinaone. Nthambi zam'kati zikumata m'manja, ndipo chakudacho chikuchoka ukapukuta ndi chala. Pamwamba pofiira paja ndikakanda m'munsi pang'ono ndikupeza pobiriwira. Koma wa pakona uja, abale! Tauzula mosavuta, ndipo watuluka ndi chubu chake chakuda cha pulasitiki chikadali chomangira. Mizu yangozungulirazungulira mkati mwa chubu ngati nkhata, ina yochepa ndi imene inatulukira pansi. Mizuyo ndi yakuda, ukaikoka khungu lake likuvuka n'kutsala kaulusi. Dothi ndi lotuwa, likununkha ngati m'ngalande, ndipo dzenje litafika m'chigongono madzi ayamba kudikha. Chiswe chiliponso, chadya mbali imodzi ya tsinde.

Achimwene Yona: Ndinanena ine! Chiswe!

Che Saidi: Dikirani kaye achimwene musanavine. Chiswe chimapita pamene pali nkhuni youma. Mtengo unafa kaye ndi kuola kwa mizu, chiswe chabwera kudzadya maliro. Muzu wamoyo umakhala woyera kapena wotuwira mkati, wolimba. Wakuda wovuka khungu ndi muzu umene wamira. Mizu imapuma mpweya umene uli m'dothi, ndiye madzi akadzaza mipata yonse imabanika, tizilombo ta matenda oola mizu n'kupezerapo mwayi.

Za chubu ndiye ndaziona kambiri. Aganyu ena amangong'amba pansi n'kukwirira, ena osang'amba n'komwe, kuti amalize msanga alandire ndalama. Mbande imaoneka bwino chifukwa mukuthirira. Ikakula mizu imadzinyonga yokha. Mayi, fukulani pang'ono ndi dzanja patsinde pa mitengo ina yamoyo muone ngati nayonso ili ndi machubu. Mukapeza, ng'ambani mbali ziwiri ndi mpeni mochenjera, muchotse chimene chingachoke, musazule mtengo.

Madala Phiri: Koma a Yona tisawanyoze kwambiri. Kumadera otentha ngati Salima chiswe chimagwiradi mitengo yamoyo, makamaka mbande ndi mitengo imene yafooka ndi ludzu. Amene anadzalapo bulugama cha ku Khombedza kapena ku Chitala akudziwa. Kusiyanitsa kwake n'kotere: chiswe chikapha mtengo wamoyo mumapeza chadya khungwa kuzungulira tsinde pansi penipeni, chitamata dothi lake, koma mizu yotsalayo ndi youma yosanunkha. Apa mayiwa akuti mizu yaola ndipo ikununkha. Mlandu ndi wa madzi.

Tizikhungu toyerato ndi zovula za nsabwe, ndipo kumatako ndi umboni woti zinalipo. Koma ngati zamoyo palibe, musapopere kanthu. Ndikuuzeninso chifukwa china. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku FRIM, bungwe lofufuza zankhalango ku Zomba, pamodzi ndi anzawo akunja anabweretsa timavu ting'onoting'ono totchedwa Pauesia juniperorum. Kamavu kameneka kamaikira dzira m'thupi mwa nsabwe, mphutsi yake n'kuidya mkati. Mukaona nsabwe zouma, zotupa, zomatirira pakanthambi, zina zili ndi kabowo kumsana, dziwani kuti ntchito ikugwirika kale. Mankhwala amphamvu amapha timavuti pamodzi ndi tizilombo tina todya nsabwe, ndipo nsabwe ndi zimene zimayamba kubwerera chifukwa zimaswana mofulumira, zazikazi zokhazokha popanda yaimuna.

Aphunzitsi a ku Dwangwa: Ndakhala ndikungowerenga, koma nkhani ya madziyi yandikhudza. Madzi osefukira aja a mu Febuluwale 2024 kuno ku Dwangwa, ife nyumba inapulumuka koma pabwalo madzi anaima kwa masiku. Mpanda wathu unakhalabe wobiriwira dzinja lonse mpaka nthawi yozizira, tinkati wapulumuka. Kutangoyamba kutentha, mzere wonse wa kumunsi unafiira pa kanthawi kochepa. Tinkathira madzi m'mawa ndi madzulo poganiza kuti ndi ludzu, koma ayi ndithu.

Che Saidi: Ndi momwe zimakhalira aphunzitsi. Kukamazizira mtengo sufuna madzi ambiri, ndiye mizu yochepa yotsala imakwanitsa. Kukatentha masamba akufuna madzi, mizu yokoka palibe. Mtengo womira ndi mtengo waludzu pamwamba amaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndimati musanatenge kheni, pisani dzanja m'dothi. Kunonso chaka chomwecho nyanja inakwera kwambiri, malo ambiri a m'mphepete analowa madzi, ndipo ngakhale kumene madzi sanafike pamwamba, apansi anakwera. Mitengo yambiri ya pa loji pathu inapita nthawi imeneyo.

Nachisale: Pepani ndilowerere ndi langa, ndili ku Nkhotakota paboma. Wanga sukuuma wonse ayi. Nthambi imodzi apa, ina uko, yofiira kuti psuu pakati pa zobiriwira. Ndikatsatira nthambiyo ndikupeza pamalo pena khungwa lalowa mkati, lang'ambika, ndipo pakutuluka utomoni wambiri. Kodi ndi nsabwe zomwezo?

Madala Phiri: Ayi mayi, zimenezo ndi zina. Ndi matenda a zilonda za pakhungwa, amene amayamba ndi nkhungu ya mtundu wa Seiridium. Imalowera pabala, kaya la chikwanje, kaya pamene nthambi zakhulana ndi mphepo ya mwera, kaya pamene tizilombo taboola. Chilonda chikazungulira nthambi, madzi sadutsanso, kumtunda konse kumauma. Ndi matenda akale, ku Kenya anawononga sayipuresi wa mtundu wa macrocarpa m'zaka za m'ma 1940 mpaka anasiya kumudzala m'nkhalango zaboma. Mankhwala opopera sabwezeretsa nthambi imene yagwidwa. Dulani nthambiyo m'munsi mwa chilonda, pamene mtengo uli woyera bwino mkati, pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pachilondapo. Mukadula nthambi iliyonse pukutani sizasi ndi spiriti kapena Jik wosungunula, apo ayi inu nomwe mukhala mukufalitsa. Zodulazo mutenthe kutali ndi mpanda. Musadule kukugwa mvula kapena masamba ali onyowa, chifukwa njere za nkhunguyi zimayenda ndi madontho a madzi. Chilonda chikakhala pa thunthu lenileni, zulani mtengo wonsewo.

Nachisale: Zikomo madala. Sizasi yake timabwerekana mzere wonse wa nyumba zathu kuno, mwina ndi momwe zinabwerera.

Nabanda: Nanga nsabwe zikadzabweranso chaka chamawa atani? Ine pa masamba anga ndimapopera mthuthu, nsabwe zimagwa zonse.

Che Saidi: Mthuthu umagwiradi, koma kunyanja kuno samalani nawo. Ndi womwe uja anthu ankaphera nsomba m'mitsinje. Musatsukire sipuleya kunyanja kapena m'khwawa lopita kunyanja. Ine ndimakonda nimu, poti ku Salima kuno ali paliponse. Sinjani njere zake, muviike m'madzi usiku wonse, musefe ndi kansalu, muikemo sopo wamtanda pang'ono kuti zimate. Mupopere madzulo dzuwa litapepa, ndipo mulowetse mkati mwa mpanda, osati kungonyowetsa kunja. Yesani kaye pa nthambi imodzi muone mawa lake. Ngakhale madzi okha a payipi othamanga amagwetsa nsabwe zambiri. Chachikulu ndi nthawi: yambani kusuzumira mkati mwa mpanda mwera ukangoyamba, mu Meyi ndi Juni, muziyang'ana nyerere. Osadikira kufiira.

Bambo a Chisomo: Ine ndimagulitsa zipangizo zaulimi, ndiye ndinene za mankhwala ngakhale ndikudziphera msika. Anthu amabwera ndi mawu akuti mtengo ukuuma, ndipatseni mankhwala. Ukawafunsa kuti mwaona chiyani, alibe yankho. Ngati mwapezadi nsabwe zamoyo zambiri ndipo nimu walephera, mankhwala alipo, koma gulani a m'botolo lake lokhala ndi chizindikiro, ovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board, osati otsanulira m'timabotolo ta pamsika. Werengani muyezo wake. Ambiri mwa amenewa amapha njuchi ndi nsomba, ndipo mpanda ndi pamene nkhuku zimapumira ndiponso ana amabisalirana. Ndiponso funsani amene amalima kuseri kwa mpanda wanu ngati anapopera mankhwala opha udzu kukuomba mphepo, chifukwa nawonso amafiiritsa mbali imodzi.

Mayi a Tadala: Kuseri kwathu ndi msewu, palibe amalima. Ndiye ndimve bwino. Pofiirapo padzabiriwiranso mvula ikagwa?

Che Saidi: Apa ndisakunamizeni mayi. Sayipuresi saphukira pa nthambi yakale yopanda masamba. Si bougainvillea amene mumadula mpaka pachitsa n'kuphukanso. Pamene mnyamata uja anadula mpaka kufika pa nkhuni, padzakhala dazi. Pamene patsala masamba obiriwira m'munsi mwa popsapo, padzaphuka, ndipo pang'onopang'ono padzaphimba. Pakadali pano musachotse zofiirazo, zikuchitira mthunzi zam'munsi. Mudzazidule mvula ikakhazikika. Pa mipata ing'onoing'ono mukhoza kukoka nthambi yamoyo ya pafupi n'kuimangirira ndi luzi kuti ikulire pamenepo.

Kuthirira kwake, kumtunda kwa mchengako thirani kwambiri kamodzi kapena kawiri pa sabata kuti madzi alowe pansi, kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa kuwazako kumaitanira mizu pamwamba pomwe pakutentha. Thirani pansi, osati pamasamba. Phimbirani ndi udzu kapena mankhusu a mpunga, koma musagunditse patsinde, siyani mpata wa chikhatho, apo ayi mwaitana chiswe cha a Yona chija. Feteleza musathire panopa. Ngati madzi anu ndi a pamjigo, onani ngati akusiya zoyera pa ndowa kapena pamwamba pa dothi, chifukwa mijigo ina kuno ndi yamchere.

Madala Phiri: Ndipo podula mtsogolo muno, dulani pang'ono koma kawirikawiri, nsonga zokha. Mpanda ukhale wotambalala pansi, wocheperako pamwamba, kuti dzuwa lizifika m'munsi. Masamba ena am'kati mwenimweni kufiira n'kugwa n'chikhalidwe chake, amenewo asakudetseni nkhawa.

Mayi a Tadala: Ndafukula ina isanu ndi umodzi, iwiri ndapeza machubu, ndang'amba. Ngalande bambo akuti aikhotetsera ku nthochi Loweruka. Ndiye pakonapo ndibwezeretse sayipuresi yemweyo kuti mpanda ufanane?

Madala Phiri: Ine sindingakulangizeni choncho. Dothi limene mwaolera mizu limasunga matendawo, ndipo madzi apansi pamenepo ali pafupi. Mukadzalanso mtundu womwewo mudzabweranso pagulu pano ndi chithunzi chomwechi. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye muli ndi nthawi yoti dothi liume ndiponso yoganiza. Pitani ku ofesi ya zankhalango paboma, kapena funsani alangizi a m'dera lanu, akuuzeni mbande zimene zili m'manazale a konkuno, zoleredwa m'nyengo ya konkuno.

Achimwene Yona: Dzalani nkhadze basi. Chiswe sichidya, mbuzi sizidutsa, madzi safuna. Makolo athu sanali opusa.

Nabanda: Nkhadze pakhomo pali ana? Utomoni wake ukalowa m'maso mudzathamangira kuchipatala usiku. Komanso anthu aziti pakhomo pa Mayi a Tadala pasanduka manda kkkk.

Achimwene Yona: Ife takulira m'mipanda ya nkhadze maso ali onse awiri.

Che Saidi: Nkhadze nayenso sakonda malo a chinyezi, ndiye pakonapo sangathandize. Ngati ngalande yachokadi ndipo mwakweza dothi pang'ono ngati mzere wa mbatata, duranta wachikasu uja amachita bwino kuno, amapirira kudulidwa ndipo amaphukanso ngakhale mutamudula kwambiri. Zipatso zake zokha ana asamadye. Bougainvillea amakonda dzuwa lathuli koma amafuna pouma, ndiye ameneyo ndi wa kumtunda kwa mchenga. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba kudzala mzere wachiwiri mkati mwa mpanda wonsewo chaka chino, kuti sayipuresi akamatha mmodzimmodzi musadzakhale pambalambanda.

Mayi a Tadala: Duranta ndimamuona pa nyumba zambiri, koma amadzala bwanji, njere kapena nthambi?

Che Saidi: Nthambi. Dulani zokhwimirako zotalika ngati pensulo, muchotse masamba am'munsi, muzike m'machubu a dothi losakaniza ndi mchenga, muike pamthunzi. Mukazika sabata ino, pofika Januwale zidzakhala zitagwira mizu. Tikudulira wathu Lachisanu, mutume mwana ndi thumba adzatenge.

Nachisale: Che Saidi, mundisungireko nanenso, ndipempha kondakitala wa minibasi ya ku Nkhotakota adzanditengere pa Kaphatenga.